Yankho kwa amene akufuna kugula pufferfish yoyamba

Achimwene, mwafunsa kuti muli ndi thanki ya malita 40 ndipo mukufuna pufferfish yoyamba, nsomba ija imafufuma ngati mpira ikaopsezedwa, ndiye mugule iti komanso ngati ingakhale limodzi ndi ma guppy anu. Ndiyankha motalikirako chifukwa tinsomba timeneti timafa tambiri m'manja mwa anthu oti amatikonda ndithu, kungoti pogula sanauzidwe zoona.

Musagule nsomba yongolembedwa kuti puffer basi, funsani dzina lake lenileni. Mitundu ilipo yambiri ndipo zikakhala zazing'ono zonse zimaoneka ngati zikwana mu thanki iliyonse. Green spotted puffer, yobiriwira ya madontho akuda ija, ogulitsa ambiri amaisunga m'madzi wamba koma ikamakula imafuna madzi a mchere ndipo imafika masentimita 15, m'malita 40 anuwo singakhalemo. Figure 8 nayo imafuna kamchere. Ndiye kuli mbu ya mu mtsinje wa Congo ndi nyanja ya Tanganyika, imeneyo imapitirira masentimita 60, ilekeni kaye.

Yokuyenerani ndi pea puffer, ena amati dwarf puffer, dzina la sayansi ndi Carinotetraodon travancoricus. Kwawo ndi mitsinje ya ku Kerala ku India, madzi opanda mchere, ndipo ikakula imangofika masentimita 3 basi. Koma musanyengeke ndi kuchepako, kamaluma! Ma guppy anuwo kadzawathothola zipsepse ndi michira mpaka mudzamva chisoni, ndiye asiyeni kwina. Ine ndikanakonda muyambe ndi kamodzi, mukaphunzire khalidwe lake, muikemo zomera zambiri zoti kazibisalamo ndi kufufuzamo chifukwa ndi kansomba kachidwi kwambiri, maso ake lililonse limayenda palokha ndipo pakapita masiku kamayamba kubwera pagalasi mukayandikira.

Pomwe anthu ambiri amagwa ndi pa chakudya. Ma flakes kaya ma pellets, zakudya zouma zogula m'sitolo zija, nthawi zambiri sikadya, katha kuonda chakudya chikuyandama pamwamba pake. Kamafuna ma bloodworm (timphutsi tofiira ta m'madzi), kaya amoyo kaya a mu firiji mutawasungunula, komanso nkhono zing'onozing'ono. Ma puffer ali ndi mano 4 ogwirana ngati mlomo wa mbalame ndipo manowo amangokula moyo wonse, mitundu ikuluikulu ikapanda kuswa zigoba mano amatalika mpaka imalephera kutsegula kukamwa bwino n'kufa ndi njala. Pea puffer vutoli silimuvuta kwenikweni komabe nkhono ndi chakudya chake. Ndiye musanagule nsombayo yambani kuweta nkhono za ramshorn m'chidebe china, zimaswana msanga, mukhale nazo zokwanira.

Madzi nawonso. Ma puffer alibe mamba ngati nsomba zina ndiye amoniya ndi nitrite, poizoni wochokera ku ndowe za nsomba ndi zakudya zoola m'madzi, zimawapweteka msanga, ndiponso amadya mosiya zinyenyeswa zomwe zimaola. Ngati thankiyo ndi yatsopano iyendetseni ndi fyuluta masabata 4 mpaka 6 popanda nsomba kuti mabakiteriya abwino ochotsa poizoniyo akhazikike, muyeze, amoniya ndi nitrite zikhale pa 0. Hita muiike pakati pa madigiri 24 ndi 28, fyuluta isamakankhe madzi mwamphamvu poti kansombaka sikathamanga. Sabata iliyonse chotsani gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi n'kuthiramo ena ochotsedwa klorini. Kakadwala musathire mankhwala okhala ndi kopa (mkuwa).

Posankha yang'anani mimba. Ikakhala yolowa m'kati isiyeni, zambiri zimagwidwa kumtsinje ndipo zimabwera ndi njoka za m'mimba. Sankhani ya mimba yozungulira, yomwe ikuyendayenda n'kumakuyang'anani, ndipo pemphani ogulitsawo aidyetse inu mukuona.

Chinanso chimene ndikupempheni kwambiri, musamakaopseze dala kuti kafufume muonetse anzanu. Kufufumako ndi mantha, kamamwa madzi kuti kadziteteze, ndipo kakameza mpweya m'malo mwa madzi kamavutika kuutulutsa, ena amafa kumene. Ndi chifukwa chake posamutsa simukakweza m'mwamba ndi kaukonde, mumakatunga ndi kapu kali m'madzi momwemo. Za poizoni musade nazo nkhawa, amakhala m'thupi mwake ndipo amavulaza amene wadya nsombayo, bola kakafa mukataye poti mphaka kaya galu sangakapeze.

Tatiuzani, thankiyo yakhala ikuyenda nthawi yaitali bwanji, nanga zoyezera madzi muli nazo?