Chifukwa chake shellac akusiya mizere pa kabokosi kanu

Wowerenga wina wandilembera pa imelo kuti amapanga timabokosi tosungira ndolo ndi mikanda komanso mafelemu a zithunzi, koma nthawi zonse akapaka shellac, mankhwala onyezimiritsa matabwa, ndi bulashi pamatsala mizere, ndipo ukayendetsapo chala pamamveka ngati pathiridwa mchenga. Funso lake ndi lakuti kodi agule bulashi ina yabwinopo.

Musathamangire kugula bulashi ina. Malinga ndi zimene mwafotokozazi, ndikuona kuti shellac wanu ndi wokhuthala kwambiri, ndiponso mukubwereza kupaka pamalo pamene payamba kale kuuma.

Shellac ndi utomoni umene kachilombo kotchedwa lac kamatulutsa pa nthambi za mitengo, makamaka ku India ndi ku Thailand, ndipo amasungunuka mu sipiriti. Vanishi wamafuta amatenga maola kuti aume, choncho amapeza mpata wodzisalaza yekha, koma sipiriti amauluka pa mphindi zochepa chabe. Kuwonjezera apo, shellac watsopano amasungunula amene munapaka kale n'kulowana naye. Khalidwe limeneli ndi labwino, chifukwa cholakwika chilichonse chimatheka kukonzedwa, komabe ndi lomwelo limene likukuvutitsani: mukabwezeretsa bulashi pamalo ponata, imakoka zimene zili pansizo n'kusiya mizere yozama kuposa imene mumafuna kufafaniza. Mukaona kuti mwadumpha penapake, pasiyeni choncho, mudzapakwirira pa ulendo wotsatira.

Kukhuthala kwa shellac amakuyeza potengera mapaundi amene asungunulidwa mu galoni imodzi ya ku America. Paundi imodzi pa galoni ndi pafupifupi magalamu 120 pa lita, ndipo wogulitsidwa m'zitini kawirikawiri amakhala wokhuthala kawiri kapena katatu kuposa pamenepa. Pa zinthu zing'onozing'ono ine ndimalimbikitsa magalamu 12 mpaka 18 a shellac wouma pa mamililita 100 a sipiriti. Ngati muli ndi wa m'chitini, muthireni sipiriti wofanana naye kuchuluka. Onetsetsaninso kuti sanakhalitse, pakuti akangosungunulidwa amayamba kuwonongeka, ndipo pakadutsa miyezi 6 si wodalirikanso kwenikweni. Donthezani pang'ono pa galasi madzulo, ndipo ngati m'mawa mwake dontholo likunatabe kapena chikhadabo chikulowa mosavuta, mutayeni.

Thabwa likwecheni ndi sandipepa mpaka nambala 220 (nambala ikamakwera, sandipepa amakhala wosalala kwambiri), motsatira mmene ulusi wa mtengowo ukulowera, kenako mupukute fumbi lonse. Mukapaka koyamba pamakhala pokhakhala ndithu, chifukwa tiulusi ta thabwa timauma titaima, ndipo mwina ndi timeneti mukumva pa chala. Dikirani ola limodzi kapena awiri, kenako mudutsepo mopepuka ndi nambala 320. Fumbi lake liyenera kukhala loyera ndi louma. Likayamba kuundana pa sandipepa, ndiye kuti shellac sanaume.

Pa kabokosi, kampukutu ka nsalu kamaposa bulashi kutali. Tengani thonje lokwana m'dzanja, mulikulunge m'kansalu kakale kosathothoka ubweya, ndipo mukokere nsaluyo kumbuyo kuti pansi pake pasakhale khwinya ngakhale limodzi, chifukwa khwinya lililonse limadinda mzere. Shellac muzimuthira mkati, pa thonjepo, osati kuviika kampukutu konse. Mukakagunda pa pepala kazisiya kachinyontho chabe. Kakasiya dontho, mwathira wambiri. Kampukutuko kazifika pa thabwa kali kuyenda kale, kazichokanso kakuyendabe, pakuti kakangoima ngakhale pang'ono kamasiya chidindo cha nsalu. Yendani kuchokera kumapeto kuno mpaka uko, mzere uliwonse uzikwera pang'ono pa unzake. Kakayamba kukakamira, lekani kwa mphindi 20 kapena kuposerapo. Ena amadontheza mafuta a mineral oil pansi pa kampukutu kuti kaziterera, monga amachitira pa French polish, njira yopakira shellac ndi kampukutu mpaka anyezimire kwambiri, koma mafutawo amafunika kudzachotsedwanso, choncho kwa oyamba kumene kudikira n'kwabwino. Zidutswa za mkati mwa bokosi muzipake musanalumikize, chifukwa m'makona shellac amadikha ndipo kampukutu sikafikamo bwino.

Kusalala kwenikweni kumene mumakuona pa ntchito za akatswiri sikuchokera pa kupaka kokha ayi, kumabwera pambuyo pake. Mukapaka mopyapyala maulendo okwanira moti pamwamba payamba kunyezimira mofanana, chisiyeni chinthucho kwa masiku angapo, ngakhale sabata yathunthu, kuti shellac alimbe. Mukatero, kulungani sandipepa wa nambala 400 kapena 600 pa kathabwa kosalala, mukwechepo pang'onopang'ono, n'kumapukuta ndi kuyang'ana mopendeketsa pa kuwala. Malo okwera amayamba kuthima, pamene timaenje timatsala tikunyezimira. Timadontho tonyezimirato tikatha, ndiye kuti pafanana. M'mphepete samalani kwambiri, chifukwa ndi mmene shellac amakhala wopyapyala ndipo sachedwa kubooka. Malizani ndi steel wool (timawaya tachitsulo topyapyala tokwechera) wa 0000, amene ndi wosalala kwambiri, wopakidwa phula la mipando, kenako mupukute ndi nsalu yofewa.

Ngati timaenje tikukana kutha, yang'anani mtundu wa mtengo. Mitengo monga oak ndi mahogany ili ndi timabowo totseguka, ndipo timeneti timafunika kutsekedwa ndi grain filler, phala lotsekera timabowo ta thabwa, kapena ufa wa mwala wa pumice mutangopaka koyamba. Pewaninso kupaka tsiku la chinyezi chambiri, chifukwa sipiriti akamauluka amaziziritsa pamwamba, madzi a mumpweya n'kutsekeredwa mkati, shellac n'kumaoneka wotuwa. Zikachitika, dikirani tsiku louma, mudutsepo kamodzi ndi kampukutu konyowetsedwa pang'ono ndi sipiriti yekha, ndipo kutuwako kudzachoka.