Mneni wa Chingerezi mugwireni ndi nthawi

Imelo ya sabata ino yachokera ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, kwa mtsikana wa ku sekondale. Akuti aphunzitsi akanena kuti atseke mzere kunsi kwa mneni m'chiganizo cha Chingerezi, iye amangolota, chonsecho pa Chipwitikizi salakwa. Akufuna njira yodalirika.

Achemwali, chakusokonezani ndi chizolowezi. M'Chipwitikizi mneni amaoneka ndi mchira wake: falar, comer, partir, kenako falo, falamos, falaram. M'Chichewa namonso, mukaona ndi-na-gul-a simufunsa. Mneni wa Chingerezi alibe mchira wotero, ndipo mawu amodzimodzi atha kukhala dzina pano, mneni apo. Nchifukwa chake tanthauzo loti "mneni ndi mawu osonyeza ntchito" silingakufikitseni patali.

Chitani izi: ikani yesterday (dzulo) kumayambiriro kwa chiganizo cha nthawi ya tsopano, muone mawu amene akakamizika kusintha. Ameneyo ndiye mneni. "The farmers water the cabbages" isanduka "Yesterday the farmers watered the cabbages". Water ndi mneni, kuthirira. Tsopano "The water in the Zambezi is low". Apa water sagwedezeka, ndi madzi basi. Wasintha ndi is, kukhala was. Ameneyu ana ambiri amamudumpha chifukwa saoneka akugwira ntchito iliyonse, koma am, is, are, was ndi were onse ndi aneni, ofanana ndi ser ndi estar a m'Chipwitikizi.

Samalani ndi -ing, amanamiza kwambiri. "Selling potatoes is hard work." Dzanja limathamangira selling kapena work. Yesani dzulo: "Selling potatoes was hard work." Mneni ndi is. Selling apa akugwira ntchito ya dzina, monga mmene timanenera kuti "kugulitsa kachewere nkovuta". Mawu a -ing amakhala mneni wa chiganizo pokhapokha atatsogoleredwa ndi is, was, been ndi anzawo: "She is selling".

Apo mwaonanso kuti mneni sayenda yekha nthawi zonse. Mu "The lorry has been waiting at Zóbuè since morning", mzere udutse kunsi kwa mawu atatu, has been waiting. Funso limawalekanitsa: "Did you sell the maize?" muli did ndi sell, you wangolowa pakati. Not naye si mneni, mudumpheni.

To ali ndi nkhope ziwiri. "She went to Tete to buy cement": woyamba akuloza malo, wachiwiri wanyamula buy. Buy ndi mneni ndithu, koma nthawi ili pa went. Aphunzitsi akati main verb, kutanthauza mneni wamkulu wa chiganizo, apatseni went.

Pali aneni ochepa amakani amene dzulo ndi lero saonetsa kusiyana: cut, put, hit, cost, shut. Pa "They cut grass", yesterday sakuthandizani. Kanani chiganizocho: "They did not cut grass". Mawu obwera pambuyo pa did not ndiwo mneni.

Chiganizo chikakhala ndi and, but, because kapena when, musaime mutapeza mmodzi. Chiduleni pamawu amenewo, gawo lililonse muliyese palokha. "He sold the beans because he needed money" muli awiri, sold ndi needed, ndipo wolemba mneni mmodzi yekha wayankha theka.