Muloleni aphunzire kuwotcherera, koma za Joni ayambe waiwala

Bambo wina wa ku Chilomoni walemba modandaula. Mwana wawo walemba MSCE kawiri, wapeza mapointi 31, ndipo iwo akufuna abwerezenso kuti mwina n'kulowa yunivesite. Mnyamatayo wakana. Akuti amalume ake amutumizira makina owotcherera kuchokera ku Joni, aja okhala ndi njira zitatu zowotcherera, arc, MIG ndi TIG, m'bokosi limodzi, ndiye pakangotha miyezi 6 akhala katswiri, azikadya marandi. Funso la bambowo n'lakuti: "Ndimulole mwana wanga azikawotcherera mageti m'mbali mwa msewu?"

Makalata otere amachuluka zotsatira za mayeso zikangotuluka, ndipo apa nonse awiri mwaphonya.

Ndiyambe ndi inu, Bambo. Fomu 4 kachitatu kuti chisinthe n'chiyani? Mwana wakuuzani poyera chomwe akufuna, inu muli kalikiliki kuganiza zomwe anzanu a kutchalitchi anene. Mageti ndi mafelemu a mawindo omwe mumaona ku Ndirande ndi poyambira chabe. Ku Nchalo ndi ku Dwangwa nyengo yogaya nzimbe ikatha, makina amaima kuti akonzedwe, ndipo mapaipi a nthunzi ndi ma boiler amafuna wowotcherera wodalirika. Kofululira mowa ndi kokonzera mkaka kuli mapaipi a stainless steel, chitsulo chosachita dzimbiri chija, omwe sapatsidwa kwa munthu wamba. Matanki a mafuta, milatho, mabogi a sitima, zonsezi zimadikira manja a anthu amene inu mukuwapeputsawo.

Tsopano iwe mnyamata. Makina kukhala ndi mabatani atatu sindiye kuti manja ako adziwa ntchito zitatu. Uyambe ndi arc, yowotcherera ndi marodi ija, ndipo ukhalitsepo. Ndi njira yomwe imagwira panja, pamphepo, ngakhale chitsulo chili ndi kadzimbiri. Rodi ya 6013 aliyense amaidziwa, koma chitsulo chonyamula katundu wolemera chimafuna 7018, yomwe imavuta kuyatsa komanso imasungidwa mu uvuni wake chifukwa ikamwa chinyezi, pomwe wawotchererapo pamadzang'ambika.

MIG ndi yofulumira, waya amadzituluka yekha, n'chifukwa chake amaikonda opanga ma trailer ndi zitsulo za madenga a nyumba zikuluzikulu. Koma imanyenga ophunzira. Mzere wa pomwe wawotcherera umaoneka wosalala pamwamba pomwe mkati zitsulo sizinagwirane, ndipo kukawomba mphepo gasi wotchinjiriza amauluzika, mzere wonse n'kudzaza timabowo.

Pomwe ndikufuna udzafike ndi pa TIG. Dzanja lina limagwira tochi yowotcherera yokhala ndi kansonga kosasungunuka ka chitsulo cha tungsten, lina likudyetsa waya pang'onopang'ono, gasi wa argon akuteteza chitsulo chosungunukacho ku mpweya. Ndi yochedwa, imafuna ukhondo, ndipo opupuluma imawathawitsa. Pa paipi yonyamula nthunzi kapena mafuta, kawirikawiri mzere woyamba wa mkati amauyala ndi TIG, kenako amadzaza ndi kutseka ndi 7018. Munthu wotha ziwirizi pa paipi imodzi ndiye amene makampani amalimbirana. Sakufunsa kuti kunyumba uli ndi makina otani. Amakupatsa paipi yomangidwa mopendekera madigiri 45, imene amaitcha 6G, yoti sungaitembenuze, iwe ndiye uzungulire mpaka kuwotcherera chagada. Ukatha amaijambula ndi X-ray kapena kudula tizidutswa n'kutipinda. Ngakhale utakhoza, malamulo a ASME IX, omwe makampani amatsatira poyesa owotcherera, amati ukatha miyezi 6 osagwiritsa ntchito njirayo, chiphaso chako chatha mphamvu. Ndiye miyezi 6 yako ija, mwina udzakhala utangoyamba kuyala mzere wowongoka chokwera.

Pa makinawo, uwafunse amalume ngati amatulutsa magetsi a mtundu wa AC. Ambiri otchipa amatulutsa a mtundu wa DC okha, ndipo aluminiyamu pa TIG amafuna AC. Botolo la argon nalonso silibwera laulere.

Njira yake mukuidziwa: TEVETA ikalengeza malo, alembere kozi ya Fabrication and Welding. Musanalipire fizi kulikonse, makamaka ku masukulu omwe si aboma, Bambo mupite nokha mukaone ngati makina a TIG akuyaka komanso ngati argon alipo. Ena amaphunzitsa TIG pa bolodi ndi choko. Nthawi ya atachimenti alimbikire kupeza malo mu fakitale, osati pa shopu ya mnzake. Za ku South Africa zibwere pambuyo, atagwira ntchito zaka zingapo. Ku Johannesburg kuli sukulu yophunzitsa kuwotcherera ya SAIW yomwe ziphaso zake amazilemekeza, koma wopita wopanda mapepala a ntchito ndi chilolezo chokhalira amakathera pa mageti omwewo, akuthawathawa apolisi.

Ngati masamu ndi kuwerenga mapulani sizimuopsa, ndipo angapirire kutentha ndi kuwerama tsiku lonse, atha kufika patali. Ndalama mumati mulipire kubwerezazo, Bambo, mumugulire helimeti yeniyeni, magolovesi achikopa ndi nsapato zachitsulo kutsogolo. Magalasi adzuwa satchinga kuwala kwa arc, ndipo akamawotcherera chitsulo cha galvanised, chokutidwa ndi zinc chomwe chimatulutsa utsi woipa, akhale pamalo opita mphepo, asadalire zoti kumwa mkaka kuchotsa utsiwo m'chifuwa.