Khungu louma ngati chikopa pambuyo poikidwa mafuta a m'mafupa

Mayi wina wanditumizira imelo. Mchimwene wake anadwala khansa ya m'magazi, ndipo miyezi 14 yapitayo anamuika mafuta a m'mafupa ochokera kwa mlongo wawo wina ku India. Tsopano khungu la m'chiuno, pomwe pamadutsa lamba, lauma gwa, pa mikono patuluka mawanga oyera, ndipo achibale ayamba kunong'onezana za khate. Akufunsa ngati ndi matenda atsopano.

Mayi, sindingamuyeze mchimwene wanu pa imelo, koma zomwe mwalembazi zikufanana kwambiri ndi matenda otchedwa GVHD. Mafuta a m'mafupa amabwera ndi asilikali a m'thupi a munthu amene anawaperekayo. Asilikali achilendowo akaona thupi lomwe alowamo ngati mdani, amayamba kulimenya, ndipo khungu ndi lomwe limakhudzidwa kawirikawiri. Kale madokotala ankagawa matendawa m'magulu awiri, GVHD yobwera msanga ndi yokhalitsa, potengera masiku 100 oyambirira munthu ataikidwa mafuta, koma kuyambira 2005 amayang'ana maonekedwe ake, osati kalendala yokha.

Za lambazo zisakudabwitseni. GVHD yokhalitsa imakonda malo amene khungu linapwetekapo kapena limakhuzika: pa lamba, pansi pa bra, pomwe panali mashingozi, pomwe ankabayapo jakisoni. Nthawi zina kuumako kumakhala mkati, pa kachikopa kokuta minofu. Pamwamba khungu limaoneka labwinobwino, koma mukalitsina silikweza, limachita timaenje ngati khoko la lalanje, ndipo munthu akakweza mkono pamaoneka timingalande totsata misempha. Mtundu umenewu ndi umene umandidetsa nkhawa, chifukwa umamanga mfundo. Muuzeni aphatikize zikhatho ngati akupemphera. Zikakana kugundana bwino, kapena chigongono chikakana kuwongoka, auzeni adokotala sabata yomwe ino. Khungu likauma kwa nthawi yaitali silifewa msanga.

Mawanga oyera amadza asilikali aja akawononga maselo opanga mtundu wa khungu. Vuto lina ndi lakuti mabuku ambiri amakamba za khungu "lofiira", pomwe pa khungu lakuda kufiirako sikuoneka kwenikweni. Timangoona kuderako kapena kutuwa, ndiye matenda amazindikirika mochedwa. Tsitsi kuthothoka, zikhadabo kung'aluka kapena kutheratu, ndi thukuta kusiya kutuluka, zonsezi ndi zizindikiro za matenda omwewa.

Pali chinanso chosowa: totupa tofiirira todzaza magazi tomera pa khungu louma lija, makamaka m'miyendo. Kwathu kuno aliyense akationa amaganiza za khansa ya Kaposi, ndipo maso okha sangasiyanitse. Pamafunika kudula kachidutswa n'kukayeza. Chimodzimodzinso chilonda chosapola, popeza anthu amene anaikidwa mafuta a m'mafupa amadwala khansa ya pakhungu mosavuta kusiyana ndi ena, makamaka amene anamwa voriconazole, mankhwala olimbana ndi mafangasi, kwa nthawi yaitali.

Mankhwala oyambira ndi prednisone. Akakanika, pali ruxolitinib ndi belumosudil, omwe anavomerezedwa ku America pa GVHD yokhalitsa mu 2021, ngakhale mtengo wake ndi wowawa. Mafizo ayambe msanga, azidzola mafuta ofewetsa khungu, ndipo azipewa dzuwa, lomwe limatha kudzutsa matendawa. Zitsamba zotema mphini ayi, chifukwa bala lililonse lingakhale poyambira kuuma kwina.

Jambulani malo onsewo masana, mubwereze mwezi uliwonse, ndipo zithunzizo muzitumiza kwa madokotala amene anamuika mafutawo. Muwauzenso ngati maso akuuma kapena m'kamwa mukuwawa akadya tsabola.