Akuti ana ndi ake poti analowola: funso lochokera ku Johannesburg

FUNSO

Mayi mlangizi, ndine mayi wa zaka 34, kwathu ndi ku Mulanje koma ndili ku Johannesburg komwe ndimagwira ntchito ya m'nyumba. Ndinakwatiwa mu 2013 ndi mwamuna wa ku Mzimba, ankhoswe analipo ndipo analowola. Tili ndi ana awiri, wa zaka 9 ndi wa zaka 4. Chaka chatha bamboyu anapeza mkazi wina n'kusamuka. Kuyambira Disembala sanaperekepo ngakhale randi imodzi, chonsecho amagwira ntchito pa lesitilanti ina ndipo amalandira mwezi ndi mwezi. Ndikamuimbira amati ndikapitiriza kumuvuta adzakweza ana basi kupita nawo kwa amayi ake. Amatinso kukhoti sindingapondeko chifukwa masiku a m'pasipoti yanga anatha. Mapasipoti a ana ali ndi iyeyo. Nditani? Nanga ineyo, zaka zonsezi ndingochoka chimanjamanja?

Mayi wa ana awiri, Johannesburg

YANKHO

Achemwali, pepani ndi zimene zakugwerani. Za ndalama tifikako, koma chimene chandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi mapasipoti a anawo. Yambani ndi amenewo sabata yomwe ino.

Lamulo la ana la ku South Africa, Children's Act la 2005, pa gawo 18 limati mwana sangatulutsidwe m'dzikomo popanda chilolezo cha makolo onse amene ali ndi udindo pa iye, pokhapokha khoti litalamula. Ndiye bamboyo alibe mphamvu yowakweza basi inu musanavomere. Koma lamulo likhoza kuletsa, munthu n'kuchitabe. Pali pangano la mayiko la ku Hague la 1980 lothandiza kubweza msanga ana amene kholo limodzi lawaolotsa malire mozemba. South Africa ilimo, Zimbabwe ndi Zambia alimonso, koma Malawi mulibe. Basi ikangodutsa pa Beitbridge, Nyamapanda, n'kulowa pa Mwanza, khoti la ku Johannesburg lilibe njira yachidule yowabwezera. Mudzayenera kusiya ntchito, kubwera kuno ku Malawi n'kudzayamba mlandu wina.

Choncho pitani ku Legal Aid South Africa, bungwe la boma lothandiza anthu osakwanitsa kulipira loya, kapena ku Lawyers for Human Rights omwe ali ndi ofesi mu Johannesburg momwemo ndipo anazolowera kuthandiza anthu obwera. Mukawauze kuti mukufuna chiletso chachangu cha khoti choti ana asatuluke m'dziko komanso choti mapasipoti aperekedwe. Mauthenga a pa WhatsApp amene amakuopsezani nawo musafufute, ndi umboni umenewo. Kusukulu ndi kukireshi kawauzeni aphunzitsi mmene zinthu zilili, kuti akadzabwera munthu kudzatenga ana pakati pa tsiku akuimbireni.

Lamulo lomwelo likukumangani inunso. Ndikudziwa kuti mtima ungakuuzeni kuti mapasipoti akangobwera muwatumize ana ku Mulanje kwa agogo awo. Musatero bamboyo asanasaine kapena khoti lisanalole.

Za kulowola ndinene mosapsatira. Kwawo kwa amuna anu ana amawerengedwa kuchimuna, kwanu mwini mbumba ndi malume. Miyambo yonse iwiri ndimailemekeza, ndipo ankhoswe anu auzidwe, mwina mawu awo angamufewetse. Koma khoti, la uko ngakhale la kuno, siligamula potengera ng'ombe. Gawo 28 la malamulo aakulu a South Africa limati pa nkhani iliyonse yokhudza mwana chotsogola ndi ubwino wa mwanayo, ndipo gawo 23 la malamulo aakulu a Malawi likunenanso zomwezo. A khoti amafuna adziwe kuti ndani amamusambitsa, ndani amapita kumisonkhano ya kusukulu, ndani amagona naye kuchipatala thupi likatentha. Wa zaka 9 uja akhoza kufunsidwa maganizo ake. Ofesi ya Family Advocate, ya boma yoona za ubwino wa ana pa milandu ya m'banja, imafufuza zimenezi kwaulere, ndipo imathandiza makolo kulemba mgwirizano wa kumene ana azikhala ndi masiku amene azikacheza kwa kholo linalo. Dziwaninso kuti bambo ali ndi ufulu woona ana ake ngakhale sakupereka kanthu. Khoti limasiyanitsa nkhani ziwirizi, ndipo mukamubisira ana mudziwonongera nokha mlandu wabwino.

Tsopano ndalama. Khoti lililonse la majisitireti ku South Africa limakhalanso Maintenance Court, khoti loweruza za ndalama za chisamaliro, malinga ndi Maintenance Act ya 1998. Simulipira, ndipo simukakamizidwa kukhala ndi loya. Pitani ku khoti la dera limene mumakhala ndi ana, mukapemphe fomu ya J101. Tengani pasipoti yanu, zikalata za kubadwa kwa ana, umboni wa malipiro anu, ndi adiresi ya komwe bamboyo amakhala ndi komwe amagwira ntchito.

Chimene chimagwetsa amayi ambiri ndi kupita ndi mkwiyo wokha wopanda masamu. Gulani kope lero. Lembani renti, magetsi, ufa, ndiwo, yunifolomu, fizi ya kukireshi, thiransipoti ya kusukulu, mankhwala, ndipo lisiti iliyonse ya kusitolo muziimata m'kopemo. Pogawa zinthu zogwiritsa ntchito tonse ngati renti, kawirikawiri wamkulu amamuwerengera magawo awiri, mwana gawo limodzi. Ndiye ngati chipinda mumalipira R2,000, theka lake ndi la ana awiriwo. Kenako makolo amagawana malinga ndi mapezedwe awo. Tiyerekeze kuti ana amafuna R3,000 pamwezi, iye amalandira R6,000, inu R4,000. Gawo lake lingakhale R1,800, lanu R1,200. Akakana kuti mwana si wake, pali kuyeza DNA. Khoti likagamula iye n'kukhala masiku 10 osalipira, mukhoza kupempha kuti abwana ake azidula ndalamayo kumalipiro iye asanaigwire, kapena katundu wake alandidwe. Kuzemba dala ndi mlandu woti munthu akhoza kukhala nawo kundende mpaka zaka zitatu. Udindowu suthera pa zaka 18, umapitirira mpaka mwana ataima payekha.

Zoti simungaponde kukhoti n'zongokuopsezani. Gawo 34 la malamulo aakulu a dzikolo limapereka ufulu wopita kukhoti kwa aliyense, silinena kuti nzika zokha, ndipo ndalama imene mukufunayo mwini wake ndi mwana. Komabe sindikunamizani: kukhala masiku atatha ndi mlandu pawokha kwa a Home Affairs, oona za anthu olowa ndi kutuluka m'dzikomo. N'chifukwa chake ndikuti muyambire kwa maloya aja, muwaululire zonse, akuuzeni mmene mungayendere.

Akathawira kuno kumudzi, chigamulocho sichifa. South Africa ili ndi lamulo la 1963 lotumizirana zigamulo za chisamaliro ndi mayiko ena, ndipo Malawi ali pa mndandandawo. Zimadutsa m'maofesi a maboma awiri, ndiye zimachedwa zedi, komanso zimafuna adiresi yeniyeni ya munthuyo. Kuno nakonso Child Care, Protection and Justice Act ya 2010 imakakamiza makolo onse awiri kusamala ana awo.

Nanga inuyo? Popeza ukwati sunathe mwalamulo, mukhoza kupempha chisamaliro chanu ku Maintenance Court komweko. Mukafika pothetsa banja, khoti la uko likhoza kumva mlanduwo ngati mmodzi wa inu wakhala m'dzikomo chaka chathunthu, ndipo gawo 7 la Divorce Act ya 1979 limalola woweruza kuganizira zaka zimene mwakhala m'banja, msinkhu wanu ndi mapezedwe a aliyense. Pemphani chisamalirocho ukwati usanathetsedwe, chifukwa chigamulo chikatuluka simungabwererenso kukachipempha. Musayembekeze zambiri poti nonse mumagwira ntchito ndipo malipiro ndi ochepa. Ine ndikuona kuti phindu lanu lingakhale pa katundu. Ngati munamanga nyumba kapena kugula puloti kumudzi ndi ndalama za nonse, gawo 24 la malamulo aakulu a Malawi limapatsa mayi ufulu wogawiridwa mwachilungamo katundu wa banja ukwati ukatha. Mlandu wa malo ali kuno umayenda bwino m'khoti la konkuno, ndipo Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza osakwanitsa kulipira loya, ilipo. Fufuzani malisiti a Mukuru amene munkatumizira ndalama za malata ndi simenti, ndipo pemphani ankhoswe a mbali zonse ziwiri alembe kalata yotsimikiza kuti ukwati wa 2013 unachitikadi, amfumu adindepo.