N'chifukwa chiyani mtengo wa tikiti ya ndege sukhazikika?

Mayi wina wa ku Mchinji, amene ndi mphunzitsi, wanditumizira imelo yodandaula. Akufuna kupita ku Johannesburg pa tchuthi cha Khirisimasi kukacheza kwa mwana wawo. Adafunsa mtengo wa tikiti mu Ogasiti, koma atabwererako mu Okutobala ndalama zitakwana, adapeza kuti wakwera kwambiri, chikhalirecho ndege ndi yomweyo ndipo tsiku la ulendo silidasinthe. Akufunsa ngati akuwabera, komanso ngati kuli bwino kudikira kuti mwina mtengo utsikanso.

Amayi, palibe amene akukuberani, komanso kudikira sindingakulimbikitseni.

Ndege imodzi imakhala ndi mitengo yambiri ya matikiti. Kampani imagawa mipando m'magulu, ndipo gulu lililonse lili ndi chilembo chake, monga Y, M kapena Q, chimene mungachione pa tikiti yanu mukaiyang'anitsitsa. Mipando ya m'gulu lotsika mtengo imakhala yowerengeka, ndipo ikangotha kompyuta imatsegula gulu lotsatira, lomwe ndi lokwera. Motero munthu amene mudzakhale naye moyandikana, kudya chakudya chimodzimodzi ndi kutsika nthawi imodzi, angathe kukhala kuti adalipira zochepa kuposa inu chabe chifukwa adagula msanga. Kagulitsidwe kameneka kadakhwima ku America pambuyo pa chaka cha 1978, pamene boma la kumeneko lidasiya kuikira makampani a ndege mitengo, ndipo lero kadafalikira kulikonse.

Chimene chimawachititsa zimenezi n'chosavuta kumva. Mlimi wa kwanu kuno angathe kusunga chimanga m'nkhokwe kuchokera nthawi yokolola mpaka mu Febuluwale mtengo utakoma, koma mpando wa mu ndege susungika. Ndege ikangonyamuka pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi mpando uli wopanda munthu, ndalama ya mpandowo yapita basi. Choncho kampani imagulitsiratu mipando ina motchipa kwa anthu a maulendo okacheza, amene amakonzekera kudakali nthawi ndipo akaona kuti mtengo wawawa amangokhala pakhomo. Mipando yotsala imasungira anthu odzidzimuka: wamalonda amene waitanidwa mwadzidzidzi, wodwala amene akuthamangira ku chipatala cha kunja, kapena munthu amene wamva uthenga wa maliro. Anthu otere sanenerera. Zimandimvetsa chisoni kuti amene ali m'mavuto ndiye amalipira zambiri, koma ndi mmene malonda amenewa amayendera.

Tsono inu mwasankha nyengo imene aliyense amafuna kuyenda. Mu Disembala sukulu zimakhala zitatsekera kuno ndi ku South Africa komwe, abale athu a ku Joni amabwera kudzadya Khirisimasi kumudzi, ndipo kumayambiriro kwa Januwale onse amabwerera ku ntchito. Kompyuta ija imadziwa kuchokera m'zaka zam'mbuyo kuti ndege idzadzaza ndithu, ndiye mipando yotchipa imaikamo yochepa kwambiri. N'zoona kuti nthawi zina mtengo umatsika ulendo utayandikira, koma zimenezo zimachitika ndege ikakhala kuti ikusowa anthu, osati sabata ya Khirisimasi.

Kwa ife Amalawi pali nkhani ina imene imaposa zonsezi, ndiyo mphamvu ya kwacha. Matikiti a maulendo a kunja amawerengeredwa m'madola, ndipo makwacha amene mumalipira amangotsata mmene dola ikugulidwira. Mu Meyi 2022 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti, mwakuti dola imodzi idachoka pafupifupi pa K1,180 kufika pa K1,700. Munthu amene ankasonkhanitsa ndalama za tikiti nthawi imeneyo adadzuka m'mawa n'kupeza kuti sizikukwananso, ngakhale kuti kampani sidaonjezerepo dola ndi imodzi yomwe. Makampaniwo nawonso pafupifupi chilichonse amagula m'madola: zipangizo zokonzera ndege, inshuwalansi, lendi ya ndege zobwereka, makamaka mafuta, amene amadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena atatu a ndalama zoyendetsera kampani. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu 2022, mgolo umodzi wa mafuta udadutsa madola 100, ndipo matikiti adakwera dziko lonse lapansi. Kwathu kuno mafutawo amayenda ulendo wautali kuchokera ku madoko a Dar es Salaam, Beira ndi Nacala, ndiye amafika atakwereratu. Pamwamba pake pali misonkho ya boma ndi ndalama zolipira ku mabwalo a ndege, zomwe zimaphatikizidwa mu tikiti momwemo.

Mpikisano nawonso ndi wochepa. Malawi Airlines, imene idayamba kuuluka mu 2014 boma lili ndi magawo 51 pa 100 ndipo Ethiopian Airlines 49, imagawana msika wa kuno ndi makampani owerengeka monga Ethiopian yomweyo, Kenya Airways ndi Airlink. Ku Lusaka kumatera ndege zambiri, kuphatikizapo Emirates ndi Qatar Airways, kotero munthu wa ku Mchinji amene akupita ku Ulaya kapena ku Asia angachite bwino kufunsanso mtengo wa kumeneko. Koma pa ulendo wa ku Johannesburg, mukaonkhetsa basi ya makilomita oposa 500 kuchokera ku Chipata ndi malo ogona, sindikuona kuti mungapindulepo.

Ngati ndalama zilipo, gulani tsopano. Musanalipire, pemphani wogulitsa matikiti akuuzeni mitengo ya masiku angapo oyandikana ndi tsiku lanu, popeza kunyamuka sukulu zikangotsekera kapena kusuntha ulendo ndi masiku awiri kungakugwetsereni m'gulu lotsika. Mufunsenso kuti tikitiyo ikulola makilogalamu angati a katundu, komanso kuti kusintha tsiku kumalipiritsidwa ndalama zingati, chifukwa matikiti otchipa kwambiri ndiwo amakhala ndi malamulo okhwima, ndipo ena sabweza ndalama ulendo ukalephereka.