Musanagule masipika aatali, yambani mwasuntha sofa

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati pabalaza panu ndi pa mamita 3 m'lifupi ndi 4 m'litali, pansi pali matailosi, ndipo choimbira chanu ndi chija cha ma CD atatu chomwe munagula musanakwatire. Kandalama mwasungako, ndiye mukufunsa choyenera kugula pakati pa masipika aatali oima pansi ndi subwoofer (sipika yotulutsa bezi yokha), poti nyimbo zikungomveka guuu, mawu a woimba osatuluka bwino. Ambiri omwe akuyankhani kale akuti subwoofer. Ine ndikuti zonse ziwirizo zidikire kaye, chifukwa guuu mukudandaulayo ndi bezi yomwe yachuluka kale, ndipo ntchito ya zinthu ziwirizo ndi kuwonjezera bezi yomweyo.

Ndinapsapo ine. Ndinagula masipika ofika m'chiuno kwa munthu wina amene ankasamuka, ndipo kunyumba kwake, pabalaza lalikulu lokhala ndi kapeti, ankaimba mokoma zedi. Nditafika nawo m'kanyumba kanga ka lendi, magalasi a mawindo anayamba kunjenjemera, mbale m'kabati n'kumalira nawo, koma mawu a nyimbo osamveka. Masipika analibe vuto. Chipinda ndi chomwe chinawakana.

Chomwe chimachitika ndi ichi. Mawu amayenda mumpweya mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Pakati pa makoma awiri otalikirana mamita 4, bezi ya 43 Hz (yonjenjemera ka 43 pa sekondi) imagunda khoma, kubwerera, n'kukumana ndi inzake yomwe ikubwera, ndiye zimaunjikana. Makoma enawo, otalikirana mamita 3, amachita zomwezo pa 57 Hz. Tsono chingwe chachikulu cha gitala ya bezi chimalira pa 41 Hz, pafupi penipeni ndi pomwe chipinda chanu chimafufuma. N'chifukwa chake manotsi ena amagunda pachifuwa, ena n'kuzimiririka, ngakhale woimbayo anawamenya mofanana. Yesani madzulo ano: ikani nyimbo imodzi ya reggae, muziyenda pang'onopang'ono m'chipindamo. Pakona mumva bezi yoopsa, m'mbali mwa khoma yambirinso, koma mukafika pakatikati imathawa. Ngati sofa yanu yatsamira khoma, ndipo masipika ali m'makona kapena m'kati mwa kabati ya TV monga zimakhalira m'nyumba zambiri, ndiye mwakhala pomwe guuu amasonkhana.

Choncho musanatulutse ngakhale kwacha imodzi, chitani izi ndi zomwe muli nazo kale. Tulutsani masipika m'kabatimo, muwachotsenso pakona. Asiyane ndi khoma lakumbuyo ndi masentimita 30, ngati malo alola onjezerani. Atalikirane mamita awiri kapena kucheperako pang'ono, inunso mukhale mamita awiri kuchokera pa iliyonse, kuti inu ndi masipika mupange makona atatu ofanana. Kasipika kakang'ono kapamwamba kaja, tweeter, kalunjike pamsinkhu wa khutu lanu mutakhala pa sofa, chifukwa mawu opyapyala amayenda molunjika ngati kuwala kwa tochi. Sofayo ikokeni pang'ono kuchoka kukhoma, ngakhale chikhatho chimodzi ndi theka. Alamu akadandaula kuti panjira pachepa, agwirizaneni kuti muziyibwezera mukatha kumvera. Kenako yang'anani mawaya kumbuyo: wofiira pa chofiira, wakuda pa chakuda, mbali zonse ziwiri. Mbali imodzi ikatembenuka, sipika ina imakankha pomwe inzake ikukoka, ndipo mawu a woimba amamwazika osadziwika komwe akuchokera.

Vuto lachiwiri ndi matailosi. Nyumba zathu zambiri ndi za njerwa zopaka pulasitala, pansi simenti kapena matailosi, ndipo zonsezo zimabweza mawu. Ombani m'manja kamodzi muli pakati pa chipinda. Mukamva kakulira kotsalira m'mbuyo, dziwani kuti nyimbo zanunso zikudutsa momwemo. Yalani kapeti pakati pa inu ndi masipika, pachikani makatani okhuthala, ndipo shelefu ya mabuku ikakhala kumbuyo kwanu imathandiza kumwaza mawu. Koma musayembekezere kuti kapeti achotsa guuu. Amameza mawu opyapyala okha, bezi imamvera kusuntha kuja. Matileyi a mazira omwe ena amamata kukhoma angokuitanirani mphemvu.

Mukachita zimenezi kwa sabata, m'pamene mudziwe chomwe chikusowadi. Ndikuganiza kuti mupeza kuti choimbira chakalecho chafika pomwe chingathe, ndipo apo ndalama ipite ku masipika ang'onoang'ono abwino awiri, okhala ndi woofer (sipika yokulirapo ya m'munsi mwa tweeter) ya mainchesi 5 kapena 6, ndi ampulifaya yapakatikati. Musawanyoze chifukwa cha msinkhu. M'zaka za m'ma 1970 a BBC anapanga LS3/5A, kasipika konyamulika ndi dzanja limodzi, kuti akatswiri awo azimverera m'magalimoto oulutsira mawu momwe malo ndi ochepa, ndipo mpaka lero anthu amakalimbirana. Masiku ano yang'anani monga Wharfedale Diamond 12.1 kapena Q Acoustics 3020i. Onsewa ali ndi bowo lotulutsira mpweya kumbuyo, ndiye akakhala pafupi kwambiri ndi khoma bezi imafufuma; mukhoza kutseka bowolo ndi siponji n'kuichepetsa. Muwapezerenso zoikapo zolimba. Wowotcherera zitsulo kapena kalipentala wa m'dera lanu akhoza kukupangirani za masentimita 60, bola zisagwedezeke.

Za mawati musapusitsidwe ndi zomata zija za pa zoimbira zolembedwa 5000W PMPO. Tembenuzani chipangizocho muwerenge magetsi omwe chimakoka kukhoma. Chinthu chokoka mawati 60 sichingatulutse 5000. Nambala yoti muikhulupirire ndi ya RMS, yosonyeza mphamvu yomwe chipangizo chimatulutsa mosalekeza, pa mbali iliyonse. Sipika yolembedwa 87 dB (dB ndi muyeso wa kukwera kwa mawu) imatulutsa mawu okwera chomwecho ndi wati imodzi yokha mutaima mita imodzi, ndipo pamenepo anthu ocheza ayamba kale kukwezerana mawu. Kuwirikiza mawati kumangowonjezera 3 dB, ndipo kuti khutu limve ngati mawu awirikiza pamafunika mphamvu kuchulukitsa kakhumi. NAD 3020 yomwe inatuluka mu 1978 inalembedwa mawati 20 okha mbali iliyonse, koma ndi imodzi mwa ma ampulifaya omwe anagulidwa kwambiri padziko lonse. Kwa inu mawati 40 mpaka 60 ndi okwanira n'kutsala. Yamaha A-S301 ili ndi 60, polowetsa waya wa optical wochokera ku TV, komanso potulutsira subwoofer ngati mudzasamukira kunyumba yaikulu. Onetsetsani kuti ma ohm (muyeso wa momwe sipika imakanizira magetsi) a masipika sakutsika kupitirira omwe alembedwa kumbuyo kwa ampulifaya. Waya ngwa kopa wamba wa 1.5 kapena 2.5 mm, wodula zedi uja msiyeni m'sitolo.

Ngati ndalama siikwana zonsezi, masipika okhala ndi ampulifaya m'kati mwake, monga a Edifier, ndi njira yosachititsa manyazi.

Zogwiritsidwapo kale ntchito n'zabwino, koma pitani ndi nyimbo yanu yomwe mumaidziwa bwino. Ikani khutu pa tweeter iliyonse mumve ngati ikulira. Onani mkombero wa woofer, poti wa siponji umafumbutuka ukakalamba. Zungulizani volume pang'onopang'ono mumve ngati ikukhwekhwereza. Ndipo werengani ma voti musanalumikize: kuno magetsi ndi 230, chimodzimodzi ku Britain ndi ku South Africa, koma za ku America ndi 120, za ku Japan 100. M'bale akakutumizirani kuchokera ku America kapena ku Japan, inu n'kungosintha pulagi, mumva fungo la utsi nyimbo yoyamba isanayambe. Gulaninso chotetezera chija timaikira firiji, chodikira kaye magetsi akabwera. Ampulifaya yanga yoyamba inapsa usiku wina magetsi atabwera mwamphamvu ine ndili m'tulo.

Chinanso, masipika abwino sabisa kanthu. Nyimbo zoikitsa pa flash kumsika, zina zotengedwa m'mavidiyo ndi kudutsa pa WhatsApp kangapo, zidzamveka zosasa kuposa kale. Ma CD anu akalewo musataye, ndipo ma MP3 akhale apamwamba, olembedwa 320 kbps.

Tijambulireni pabalazapo mutaima pakhomo, ndi chithunzi china cha kumbuyo kwa choimbiracho pomwe palembedwa ma ohm. Mutiuzenso ngati muli ndi siling'i kapena ndi malata okha, komanso ngati khoma la kumbuyo kwa TV mukugawana ndi aneba.